Peugeot Yanga Inali ya Matayala Awiri

Anthu amsinkhu wanga akamva dzina loti Peugeot, maganizo awo amathamangira ku galimoto: 404 ya bokosi kumbuyo imene inkasenza matumba a chimanga m'misewu yafumbi, kapena 504 imene ankayendera mabwana a m'maofesi. Ine ndikanena kuti ndinali ndi Peugeot, adzukulu anga amayamba kundiyang'ana mwaulemu, poganiza kuti agogo awo anali mpondamatiki masiku amenewo. Ulemuwo umatha ndikawauza kuti Peugeot yangayo inali ya matayala awiri, ndipo mafuta ake anali nsima. Komatu sindinama. Kampani imeneyi inayamba kupanga njinga mu 1882, isanatulutse galimoto ndi imodzi yomwe, ndipo isanafike pa njinga inkapanga macheka ndi tizigayo ta khofi ndi tsabola. Mkango umene uli pa chizindikiro chake unayamba kuonekera pa macheka.

Ndinali mphunzitsi wa Chifalansa pa sukulu ina ya sekondale kum'mwera kuno. M'chaka cha 1975 mwayi unandigwera wopita ku France kukanola lilime, ndipo ananditumiza ku Besançon, mzinda wa kum'mawa kwa dzikolo, kufupi ndi malire a Switzerland. Kumeneko kuli sukulu yophunzitsa alendo Chifalansa, imene inayamba mu 1958, ndipo m'kalasi mwathu munali anthu a ku Ghana, Nigeria, Japan ndi maiko ena. Mzindawo unkadziwika ndi mawotchi. Mtsinje wa Doubs umazinga chigawo chake chakale pafupifupi mbali zonse, ndipo pamene patsala pali phiri la linga lakale pamwamba pake. Mukautsata mtsinjewo chakumtunda mumakafika ku Audincourt, Valentigney ndi Beaulieu, kwawo kwenikweni kwa banja la Peugeot, ndipo ku Beaulieu n'kumene kunali fakitale yaikulu ya njinga. Choncho m'chigawo chimenecho mkango uja unali paliponse, ndipo mabanja ambiri anali ndi m'bale amene ankadyera kumeneko.

Njinga ndinkaidziwa kale, koma ya mtundu umodzi wokha. Kwathu njinga inali Humber kapena Raleigh: yakuda, yolemera, ya mabuleki a timitengo tachitsulo, ya tayala la 28, giya imodzi basi. Bambo akabwera kuchokera kumigodi ya ku Johannesburg kapena ku Salisbury atagula njinga yotere, mudzi wonse unkadziwa kuti ulendo wake sunapite pachabe. Ankaipukuta Loweruka lililonse, ankaigoneka m'nyumba, ndipo mwana woigwira popanda chilolezo ankadziwa yekha chimene chimuonekere. Inkanyamula thumba la chimanga, mbuzi, ngakhale mayi wodwala wopita kuchipatala. Ikafika pachitunda mwini wake ankatsika n'kuyamba kuikankha, ndipo palibe ankaona chachilendo. Msinkhu wake unali umodzi. Wamtali ndi wamfupi ankakwera yomweyo, ndipo ife ana tinkaphunzira kupalasa titalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati, thupi lili lende kumbali.

N'chifukwa chake ndinadabwa tsiku limene ndinalowa m'kasitolo kena ka njinga kuseri kwa msika wa ku Besançon. Mwini wake anali mkulu waimvi, wovala ovololo yabuluu yothimbirira ndi gilizi. Nditamuuza kuti ndikufuna njinga yoti inayendapo kale, yotsika mtengo, sanayambe n'kufunsa za ndalama. Anandiimika chotsamira khoma, anandivulitsa nsapato, n'kutenga tepi kuyeza kutalika kwa mwendo wanga kuyambira pansi. Kenako anayang'ana mikono yanga, analemba nambala pakapepala, n'kulowa kuseri. Anatuluka ndi Peugeot yoyera, ya mahandulo opindikira pansi, ya magiya 10. Anaiimika patsogolo panga n'kunena kuti ndiinyamule. Ndinakunga manja onse awiri monga ndinazolowera, koma inanyamuka ndi dzanja limodzi.

Mkuluyo anayamba kundionetsa ziwalo zake chimodzichimodzi, akuloza ndi chala chakuda ndi mafuta, ndipo chilichonse ankachitchula dzina ndi kwawo. Mabuleki ndi a Mafac, a ku Clermont-Ferrand, mzinda womwewo wa matayala a Michelin. Kachipangizo kosuntha tcheni posintha magiya ndi ka Simplex, ka ku Dijon. Chishalo chachikopa ndi cha Idéale, cha ku Normandie. Chidzakupwetekani mwezi woyamba, anatero, koma chikadzakuzolowerani simudzafunanso china. Pawindo panali ina imene sanalole kuti ndiigwire, PX-10, ya mpikisano, yolemera makilogalamu pafupifupi 10 okha. Pofotokoza imeneyo anatsitsa mawu pang'ono, chifukwa mapaipi a felemu yake anali a Reynolds 531, ochokera ku England, ndipo kwa iye imeneyo sinali nkhani yolengeza mokweza. Pa njinga yangayo chilichonse chinali cha ku France, mpaka kabawuti komaliza.

Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti dziko lonselo linali lodzaza ndi maina otere. Mzinda wa Saint-Étienne ndiwo unali likulu. Kumeneko kunali Mercier, imene inayamba mu 1919, kunali Stronglight, kunalinso Manufrance, imene njinga zake zotchedwa Hirondelle ankayendera apolisi a ku Paris. Gitane inali ku Machecoul, kufupi ndi Nantes. Motobécane inali ndi mafakitale ku Pantin ndi ku Saint-Quentin. Kupatula zikuluzikuluzi, m'matauni ambiri munali amisiri owotcherera mafelemu n'kulembapo maina awoawo. Pogula njinga munthu ankasankhanso mbali. Banja lokwera Mercier linkakwera Mercier kuyambira agogo mpaka mdzukulu, ndipo mkangano wa maina amenewa unkatha kuziziritsa chakudya patebulo.

Chimene chinkasonkhezera moto umenewu chinali Tour de France, mpikisano wozungulira dziko lonselo umene unayamba mu 1903. Ine ndinafika chaka chabwino. Eddy Merckx wa ku Belgium anali atapambana kale kasanu, ndipo aliyense ankayembekezera kuti awonjezera kachisanu n'chimodzi, chinthu chimene munthu anali asanachitepo. Lamulungu pa 13 July ndinali m'kanyumba kena komwera khofi, kodzaza mpaka pakhomo, tonse maso ali pa wailesi yakanema imene inapachikidwa pakona. Merckx, atavala malaya achikasu a wotsogola, anawathawa anzake potsika phiri la Allos, akuliza liwiro loopsa m'makhotakhota. M'nyumbamo munangoti zii, ena n'kuyamba kuitanitsa zakumwa zopepesera mtima. Koma pachitunda chomaliza, chokwera ku Pra-Loup, miyendo inamuthera. Tinamuona akugwedezeka pachishalo, mutu uli pansi, ndipo kumbuyo kwake kunatulukira munthu wa malaya oyera a timabokosi takuda pachifuwa, malaya a timu ya Peugeot. Anali Bernard Thévenet, mwana wa mlimi wa ku Bourgogne. Anamupitirira osacheuka n'komwe. Phokoso limene linabuka m'kanyumbamo sindinalimvenso kwina. Bambo wina wadzitho, amene ndinamva pambuyo pake kuti ankagwira ntchito ku Beaulieu ndipo anangobwera kudzaona abale, anandikumbatira ine mlendo, akufuula kuti njinga imeneyo ndi yathu. Iye ntchito yake inali kumanga masipoko a njinga wamba, ndipo ya Thévenet mwina anali asanaionepo ndi maso, koma dzina linali limodzi ndipo zimenezo zinamukwanira. Thévenet anapambana Tour imeneyo, yoyamba kuthera pamsewu wa Champs-Élysées, n'kudzapambananso mu 1977. Merckx sanavalenso malaya achikasu.

Mayi amene ndinkakhala m'nyumba mwawo sanasangalale kwenikweni. Iwo mtima wawo unali pa Raymond Poulidor, amene anapalasira Mercier zaka zake zonse za mpikisano, kuyambira 1960 mpaka 1977. Munthu ameneyu anathera pa nambala 2 katatu, pa nambala 3 kasanu, koma Tour sanaipambanepo, ndipo malaya achikasu sanawavalepo ngakhale tsiku limodzi. Komabe Afalansa ankamukonda kuposa Jacques Anquetil amene anapambana kasanu. Mayiwo anapachika chithunzi chake kukhitchini, chakale ndithu, atavala malaya a pepo a mikono yachikasu, ndipo ankati munthu wogwa n'kudzuka osadandaula ndi amene amafanana ndi anthu wamba. Njinga yawo yopitira kumsika inali Mercier, ndipo yanga ankangoitchula monyodola kuti "mkango wanu uja".

Masiku a Lamulungu ndinkatsagana ndi gulu la anthu okonda maulendo ataliatali a panjinga, m'zitunda za Jura. Ambiri anali achikulire, koma ankandisiya m'mbuyo iwo akucheza. Mmodzi mwa iwo, mkulu wopuma pa ntchito ya njanji, anali ndi njinga imene sindidzaiwala. Sinali yonyezimira ayi. Koma ukaiyang'anitsitsa unkaona kuti palibe chimene anangoikapo chiikireni: madigadi a aluminiyamu otsata tayala mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, kakeliyala kakang'ono kutsogolo konyamulira chikwama, waya wa nyale wobisika m'kati mwa felemu. Ikamayenda pamiyala sinkalira paliponse. Pa felemu panalembedwa ndi dzanja dzina loti René Herse. Herse anayamba wagwira ntchito pa fakitale ya ndege, mu 1938 n'kutembenukira ku njinga, ndipo posakhalitsa anatsegula kashopu ku Levallois-Perret, m'mphepete mwa Paris. Iye ndi mmisiri mnzake wa m'tauni yomweyo, Alex Singer, sankalekera pa kuwotcherera felemu. Ziwalo zambiri ankapanga okha, n'kuimanga njinga yonse molingana ndi thupi la mwini wake komanso misewu imene azidzayenda. Mwana wamkazi wa Herse, Lyli, anakhala katswiri wa dziko la France maulendo 8. Mkulu wa njanji uja anandiuza kuti njingayo inamudyera malipiro a miyezi ingapo, koma anali atayenda nayo ulendo wa Paris–Brest–Paris, makilomita 1,200 ofunika kutha m'maola 90, ndipo panalibe nati ndi imodzi yomwe imene inakhwefuka.

Pobwerera kumudzi sindinathe kuisiya Peugeot yanga. Inanditsata m'bokosi pasitima yapamadzi, ndipo itafika inali yokoka anthu. Ana asukulu ankaunjikana kudzaona njinga yokwera chitunda mwini wake osatsika. Aphunzitsi anzanga ankaseka matayala ake owonda, amvekere sadzatha mwezi m'misewu yathu ino. Anapirira kuposa pamenepo, koma ataperepeseka m'pamene mavuto anayamba. Tayala la 28 silinkalowa pa limu yake. Pampu zathu sizinkagwira valavu yake yowonda. Ndinayamba kudalira makalata opita kwa anzanga a ku France, ndi timaphukusi totenga miyezi panjira.

Amene anaipulumutsa anali mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, munthu amene sanapite patali ndi sukulu koma chitsulo ankachidziwa. Tsiku lina ndinapita nayo chifukwa pakati, pamene pamazungulira mapedulo, pankagogoda. Anaika sipanala n'kukokera mbali imene amakokera pa Raleigh, koma chitsulo sichinasunthe. Analumikiza paipi ku sipanalayo n'kukokanso. Kenako anaima, anapukuta pamalopo ndi kansanza, n'kuyamba kuyang'anitsitsa mazinga.

"Aphunzitsi," anatero, "anthu anu a ku France awa amamanga chakumanja mbali zonse ziwiri. Ine pano m'malo momasula ndakhala ndikumanga."

"Ndiye zitheka, bambo?"

"Zitheka. Koma ndaonanso kuti kotapini wanu ndi wowonda kuposa wathu. Takhalani pansi, ndiyambe ndapala."

Anatenga kotapini wa njinga ya Chingerezi, wa mamilimita 9.5, n'kumupala ndi tupa mpaka kufika pa 9, akuyesa, akupalanso, mpaka dzuwa linapendeka. Tsiku lina pedulo itatha, anapeza kuti ya kuno ndi yonenepa pang'ono kuposa bowo lake, ndipo anadula mazinga atsopano. Khosi la mahandulo nalo linali ndi muyeso wakewake, mamilimita 22, pamene la njinga zinazi ndi 22.2. Kusiyana kwake sikuoneka ndi maso, koma n'kokwanira kuti chitsulo chikane kulowa. Mkuluyo anasunga kabokosi kapadera ka tizidutswa ta njinga yanga, ndipo ankadzitama kwa anthu kuti m'boma lonse ndi iye yekha amene amatha kuweta mkango wa aphunzitsi.

Vuto la miyesoli silinali langa ndekha. Linkawasowetsa mtendere ngakhale okonza njinga a ku America, kumene njinga za ku France zinagulidwa zankhaninkhani pakati pa 1971 ndi 1974. Msika umenewo utagwa mu 1975, mafakitale amene anakuzidwa mothamanga anatsala ndi katundu wopanda ogula. Nthawi yomweyo a ku Japan, SunTour ndi Shimano, anabwera ndi zosinthira magiya zogwira bwino pamtengo wotsika, ndipo mu 1984 Shimano inatulutsa zoti ukangosuntha kamodzi, tcheni imakagwera yokha pamalo pake. Kenako kunabwera njinga za m'mapiri zochokera ku California, zimene makampani ambiri a ku France anachedwa kuzilabadira, ndipo mafelemu otsika mtengo anayamba kuchokera ku Taiwan. Ogula nawo anasiya kupita kwa mkulu wa ovololo wa pakona, n'kumakagula m'masitolo akuluakulu.

Kumipikisano zinkaoneka ngati zonse zili bwino. Bernard Hinault anapambana Tour kanayi pa njinga ya Gitane, ndipo Laurent Fignon kawiri, mu 1983 ndi 1984. Koma kumafakitale kunali maliro otsatizana. Huret, imene inkalimbirana msika ndi Simplex, inagulidwa ndi Sachs ya ku Germany mu 1980. Motobécane inagwa, mu 1984 inasintha dzina kukhala MBK, n'kulowa m'manja mwa Yamaha. Mu 1985 Manufrance inatsekedwa, Mercier nayo n'kugwa. Shopu ya Herse inatseka mu 1986, patatha zaka 10 mwini wake atamwalira. Mafac, Simplex ndi Idéale zinazimirira. Mu 1992 njinga za Peugeot ndi za Gitane, zimene zinalimbana zaka zonse zija, zinalowa m'khola limodzi lotchedwa Cycleurope. Makalata anga ofunsa masipeya anayamba kubwera ndi yankho limodzimodzi, loti zimenezo sizikupangidwanso.

Kwa ine nkhaniyo inathera pomwepo, mpaka pamene mdzukulu wanga wokhala ku Britain anabwera kudzationa. Anandionetsa pa foni yake maina amene ndinawalira kalekale, onse ali moyo.

"Agogo, si izi njinga zanu zija? Zilipotu, mukhoza kuitanitsa lero lomwe."

"Taima kaye, mwanawe. Tione amene ali kuseri kwa dzina lililonse."

Tinachezera madzulo onse tikuwerenga.

Kwathu kuno dzina la ufumu silifa. Mfumu ikagona, mbumba imasankha wina kuti alowe dzina, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu amamuitana ndi dzina la malume ake. Koma wolowa dzina salandira ulemu wokha. Amalandiranso milandu imene inatsala, malire a minda, ana amasiye, ndi zonse zimene malemuwo analonjeza. Akangokhala pampando n'kukana zinazo, anthu amamuwombera m'manja pamaso, koma milandu yawo amapita nayo kwina. Umenewu ndiwo muyeso umene ndinayesera maina amene mdzukulu wanga anandionetsa.

Alipo amene analowa dzina pamodzi ndi udindo wake. Jan Heine, mkonzi wa magazini ya njinga wa ku Seattle ku America, anatha zaka akufufuza ntchito ya Herse mpaka analemba buku la mbiri yake. Anakhala bwenzi la Lyli, ndipo dzinalo linafika m'manja mwake mayiyo atavomereza. Lyli anamwalira mu 2018, ndipo mu 2019 kampani ya Heine inayamba kutchedwa Rene Herse Cycles. Katundu wake sapangidwira ku Levallois-Perret, matayala ake amachokera ku Japan, koma nzeru yake ndi yomwe ija: tayala lonenepa koma lofewa, keliyala yaing'ono kutsogolo, ziwalo zoti munthu n'kumasula n'kukonza. Tayala la 650B, la njinga zoyendera maulendo zija, linatsala pang'ono kuiwalika, koma lero lili pa njinga zambirimbiri za m'mapiri, kumene amalitcha 27.5. Zishalo za Idéale zinayambanso kupangidwa pamanja cha ku Toulouse, eni ake atsopano atatha zaka akufufuza mmene akale ankaumbira chikopa. Dilecta ya ku Le Blanc, imene inatsekedwa mu 1968, inadzutsidwa mu 2021 ndi mwana wa munthu amene kale ankaipalasira pamipikisano. Shopu ya Alex Singer yokha sinafunike kudzutsidwa: ikadali pamalo ake, m'manja mwa banja la Csuka, achibale ake.

Aliponso amene anangokhala pampando. Ku America dzina la Motobécane lili pa njinga zopangidwa ku Asia, zogulitsidwa pa intaneti, ndipo chozilumikiza ndi Pantin ndi zilembo zokha. Dzina la Mercier linadutsa m'manja ambiri. Kumayambiriro kwa 2021 kunalengezedwa kuti njinga zake ziyambanso kupangidwa ku Revin, tauni ya m'chigawo cha Ardennes imene mafakitale ake ambiri anatsekedwa, ndipo anthu analonjezedwa ntchito 270. Mu July chaka chomwecho boma linabweza thandizo lake, ndipo fakitaleyo sinatsegulidwe. Izi zinachitika patangotha milungu yochepa mdzukulu wa Poulidor, Mathieu van der Poel, atavala malaya achikasu amene agogo ake sanawavalepo, misozi ili mbwembwembwe pamaso pa dziko lonse. Timu yake inali itayamba Tour imeneyo m'malaya a pepo ndi chikasu pokumbukira nkhalambayo, imene inamwalira mu 2019. Anthu a ku Revin anaonera zonsezo pakanema, koma ntchito imene analonjezedwa sanaione.

Komabe ndisaweruze mopupuluma. Humber imene makolo athu ankailumbirira inali itagulidwa kale ndi Raleigh mu 1932, ndipo imene inkafika kuno inkachokera ku Nottingham, m'fakitale imodzi ndi Raleigh yomweyo. Palibe anadandaula, chifukwa njingayo inkasenza katundu, ndipo masipeya ake ankapezeka m'masitolo a amwenye paliponse. Raleigh nayonso inasiya kupanga njinga ku Nottingham mu 2002. Choncho kugulitsa dzina si tchimo, ndipo njinga yopangidwa ku Taiwan kapena ku China ikhoza kuposa zathu zija m'njira zambiri. Mabuleki a lero amagwira ngakhale mvula ikugwa, pamene a masiku athu, limu yachitsulo ikanyowa, ankafuna pemphero. Chimene ndimakana n'chakuti munthu amulipiritse mnyamata ndalama zowonjezera chifukwa cha thukuta la Poulidor, pamene iye sanasunge kanthu kalikonse ka nyumba imene dzinalo linachokera.

Mdzukulu wanga anandionetsanso kuti njinga zakale zenizenizo zasanduka chuma. Ku Saumur, m'mbali mwa mtsinje wa Loire, kuyambira 2011 kumachitika chikondwerero cha Anjou Vélo Vintage, kumene anthu masauzande ambiri amabwera ndi njinga za makolo awo atavala zovala zamakedzana. Ku Italy kuli L'Eroica, imene inayamba mu 1997, ya njinga za mpikisano za 1987 kubwerera m'mbuyo. Anyamata a ku Paris ndi London amasakasaka PX-10 m'magalaja a agogo awo, ndipo ziwalo za mazinga achifalansa, zimene zinandisowetsa tulo zija, tsopano zikupangidwanso chifukwa ozifuna achuluka.

Yanga ikadalipo. Mawilo ndi ena, foloko ndi ina, chishalo ndi cha njinga ya ku India, ndipo magiya anatsala asanu. Cha ku Beaulieu chimene chatsalapo ndi felemu ndi kamkango ka kutsogolo. Mkulu wa pansi pa mango uja anatisiya kalekale, koma mwana wake, amene anatsala ndi masipanala ndi kabokosi kaja, ndiye amaikonza, ndipo mdzukulu wanga wina amapitira nayo kusukulu. Kuti yafika lero ikuyenda, sindithokoza amene akusunga chikalata cha dzinalo ku France. Ndimathokoza amisiri amene anawotcherera felemuyo molimba, ndi tupa ya banja la pamsika lija.

Masiku ano njinga za kaunjika zochokera kunja zimafika zambiri m'misika yathu, ndipo nthawi zina pakati pake pamapezeka yakale ya ku France. Inu okonza njinga, mukakumana nayo musathamangire hamala ndi moto wowotcherera. Pukutani mazinga, yesani kumasulira mbali inayo, ndipo chiwalo chikakana kulowa musachikakamize. Inu ogula, kaya muli kuno kaya kunja, dzina lokongola pa felemu lisakutsekeni pakamwa. Funsani amene anaipanga, kumene anaipangira, ndi kumene mudzapeze masipeya ake zaka 10 zikubwerazi. Wogulitsa akayankha mafunso atatuwa mosazengereza, gulani. Akayamba kukusimbirani za Tour de France, bwezani ndalama zanu m'thumba.